Mafunso a Owerenga: Azakhali anathawa ziwawa, tiwasamale bwanji pa matenda a shuga?

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala kufupi ndi Muloza kuno ku Mulanje. Azakhali anga, omwe ali ndi zaka zopitirira 60, anawoloka malire kuchokera ku Mozambique pa nthawi ya ziwawa zimene zinabuka chitatha chisankho cha mu Okutobala 2024, ndipo mpaka lero akukhala nafe. Amadwala shuga, koma pothawa anasiya mapiritsi ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Usiku sagona, amadzuka kangapo kukataya madzi, ndipo akamva kaphokoso kalikonse amadzidzimuka. Anthu ena akutiuza kuti tiwaletse nsima, tiziwapatsa masamba okhaokha ndi madzi a nimu. Ndalama zogulira zakudya zapadera tilibe. Tichite chiyani?
Mayi wa ku Muloza

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kuwasunga azakhali anu, ndipo mwachitanso bwino kufunsa musanatsatire zonena za anthu. Choyamba, pitani nawo kuchipatala sabata ino. Kusowa kwa kabuku kusakuchititseni mantha, pakuti achipatala adzawayeza magazi, adzawatsegulira kabuku katsopano ndi kuwayambitsanso mankhwala. Kukodza pafupipafupi usiku, makamaka kukabwera limodzi ndi ludzu losatha, kuwonda kapena kuona mwachimbuuzi, kumasonyeza kuti shuga wakwera. Akawayeza m'mawa asanadye kanthu, shuga wa munthu wopanda matendawa amakhala wosafika pa 7, pa muyeso wa kuchipatala wotchedwa mmol/L. Ngati akukumbukira dzina la mapiritsi awo, kaya ndi metformin kaya glibenclamide, awauze adokotala, ndipo apemphenso kuti awayeze kuthamanga kwa magazi, chifukwa matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Madzi a nimu sangalowe m'malo mwa mapiritsi, ndipo kusintha kadyedwe kumathandizana ndi mankhwala, sikuwachotsa.

Ife a kuno kumalire nkhani ya kulandira othawa kwawo si yachilendo. Pa nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992, dziko lino linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Mulanje linali limodzi mwa maboma amene anawalandira. Masiku amenewo nkhawa yaikulu inali kolera, chikuku ndi kunyentchera kwa ana. Lero pakati pa othawa pali anthu ambiri odwala shuga, ndipo chimene chimawapweteka si chakudya chokha ayi, koma kusokonekera kwa ndondomeko yonse ya moyo: nthawi ya kudya, ya kumwa mankhwala ndi ya kugona. Ntchito yanu yaikulu, Mayi, ndi kuwabwezera azakhali anu ndondomeko imeneyo.

Nsima musawaletse. Munthu wachikulire amene wadya nsima moyo wake wonse mukamuletsa, mwina adzafooka ndi njala kapena adzayamba kudya mobisa, ndipo zonse ziwiri n'zoopsa. Chofunika ndi kuchepetsa ndi kusintha ufa. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amene amatsalamo amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Mukamawagawira, yang'anani mbale yawo motere: theka likhale masamba monga nkhwani, chisoso, bonongwe, khwanya kapena therere lopanda soda wambiri, mbali ina ikhale nandolo, nyemba, mazira, usipa kapena matemba, ndipo nsima ikhale mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chawo. Nandolo amene timalima m'minda mwathu muno ndi chakudya chabwino kwambiri kwa wodwala shuga, kotero pokolola musagulitse yense kwa mavenda. Chinangwa, makaka, mbatata ndi mpunga zili m'gulu limodzi ndi nsima, choncho akadya chimodzi asaphatikizeponso china pa chakudya chomwecho.

Zimene ayenera kuzipewa ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa lothira shuga, nzimbe ndi mandasi. Tiyi amwe ndithu, koma muzichepetsa shuga pang'onopang'ono mpaka azolowere kumwa wopanda shuga. Zipatso sizoletsedwa, ngakhale kuti nyengo ya mango ndi nanazi imatinyenga: bango limodzi laling'ono, nthochi imodzi kapena kachidutswa ka nanazi pa nthawi imodzi n'zokwanira. Mapeyala ndi mtedza wosathira mchere wambiri ndi zabwino.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa chimapha mwamsanga kuposa shuga wokwera. M'nyumba imene chakudya chimapereŵera, wodwala akamwa glibenclamide kapena kubaya insulin (jakisoni wotsitsa shuga) kenako n'kusadya, shuga amatsika kwambiri. Mudzaona akunjenjemera, akutuluka thukuta lozizira, akumva chizungulire kapena akuyankhula zosamveka. Zikatero, sungunulani timasupuni titatu ta shuga m'kapu ya madzi muwamwetse pomwepo, kenako adye chakudya. Ngati akomoka, musawathire kanthu m'kamwa, agonekeni cham'mbali ndi kuthamangira nawo kuchipatala. N'chifukwa chake ndi bwino kudya pang'ono katatu pa tsiku kusiyana ndi kukhuta kamodzi madzulo, ndipo ngati pali masiku amene mumadya kamodzi kokha, musachite manyazi kuwauza adokotala kuti asankhe mankhwala moganizira zimenezo.

Kusagona ndi kudzidzimuka musakutenge mopepuka. Munthu akakhala ndi mantha nthawi yaitali, thupi limatulutsa timadzi (mahomoni) timene timakweza shuga ngakhale asanadye kanthu. Musawakakamize kufotokoza zimene anaona, koma akayamba okha, khalani pansi mumvetsere. Apatseni kantchito kowayenera, kaya kusenda nandolo, kupalira kadimba kapena kuperekeza adzukulu, kuti adzimve kuti ndi a pakhomo osati alendo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yolimbitsa thupi, zomwe ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo kuyenda limodzi ndi inu mukatha kudya kumawerengedwa. Kusagonako kukapitirira, katchuleni kuchipatala.

Madzulo aliwonse muziwayang'ana mapazi, pansi ndi pakati pa zala. Shuga amachititsa dzanzi, moti munthu amatha kubayidwa ndi minga osamva, chilonda n'kukula. Asayende opanda nsapato, ndipo m'miyezi ya chiperoni asayandikize mapazi kumoto pootha.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 12 amabaya insulin tsiku lililonse. Chigwetsereni nyumba yathu namondwe Freddy mu Malichi 2023, tikukhala kumudzi kopanda magetsi. Kodi mankhwalawa sawonongeka popanda firiji?
Bambo wa ku Thyolo

YANKHO: Bambo, kabotolo kamene mwayamba kugwiritsa ntchito kamatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi masabata anayi, malinga ngati sikakuwombedwa ndi dzuwa kapena kuyandikira moto. Kafukufuku wa bungwe la madokotala othandiza pa ngozi la MSF ndi yunivesite ya Geneva, amene anatuluka mu 2021, anatsanzira kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kuyambira madigiri 25 mpaka 37, ndipo anapeza kuti insulin imakhalabe ndi mphamvu kwa masabata anayiwo. Kuti mankhwala azizizira, ikani kamphika kadothi mkati mwa mtsuko waukulu, thirani mchenga wonyowa pakati pake, kulungani kabotoloko mu pulasitiki kuti kasanyowe n'kukaika m'kamphikamo, ndipo vindikirani ndi nsalu yonyowa pamalo a mthunzi. Lembani pa kabotolo tsiku limene mwakatsegula, ndipo mukaona timibulu kapena mtundu wasintha, musakagwiritsenso ntchito. Mwana wanu asadumphitse jakisoni ngakhale pamene akudwala ndipo sakudya bwino; akayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka kapena kupuma mofulumira, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.