Zinyalala m'malo mwa dizilo pa matope a suweji

Akuluakulu mwafunsa ngati matope otsala akasefa madzi a suweji angaumitsidwe ndi zinyalala m'malo mwa dizilo kapena malasha. Eee zimatheka, koma muyambe mwaona komwe mafuta amathera. Matope aja olo muwafinye ndi makina amatsalabe ndi madzi cha m'ma 75 mpaka 80 peresenti, ndiye mafuta ambiri amangothera kuphwetsa madziwo basi, kilogalamu imodzi yokha ya madzi imafuna kutentha kwa ma kilojoule (muyezo wa mphamvu) oposa 2,200 kuti isanduke nthunzi.

Kwa ine njira yanzeru ndiyoti matopewo adzilipirire okha. Mumawathira mu thanki yotseka yosalowa mpweya, yofunda madigiri 35 mpaka 37, mabakiteriya amadya nkumatulutsa gasi wotchedwa biogas, yemwe methane wake, mbali yomwe imayaka, amakhala cha m'ma 60 peresenti, ndipo mukaonjezeramo zotsala za chakudya ndi mafuta ophikira otha ntchito gasi amachuluka zedi. Gasiyo amayendetsa jenereta, kutentha kochokera mu injini yake ndi komwe kumafunditsa thanki ndi kuumitsa matope. Koma osakhuthulira mafuta ophikirawo kamodzinkamodzi chifukwa cha dyera la gasi, thanki imachita asidi, pamwamba pamabwera thovu, mabakiteriya opanga methane aja amafooka gasi nkuima, ndipo kuti zibwerere mwakale pamapita masabata.

Ena amasakaniza matopewo ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga nkupanga kompositi, muluwo umatentha wokha kupitirira madigiri 55 tizilombo tambiri toyambitsa matenda nkufa, apa mafuta ake ndi ongotembenuzira mulu.

Pomwe ndimakana ine ndi zoti chilichonse choyaka chiponyedwe pamoto poti ndi zinyalala. Pulasitiki ya PVC ili ndi chlorine, ikapsa pamoto wofooka imatulutsa poizoni uja amati dioxin, matabwa opakidwa mankhwala nawonso amasiya zitsulo zoopsa mu phulusa. Mafakitale a simenti ndiwo amakwanitsa kuwotcha matope ouma chifukwa ng'anjo zawo zimafika madigiri 1,450 ndipo phulusa limalowa mu simenti momwemo, kungoti phosphorus wa m'matopemo yemwe akanakhala feteleza amakathera mu khoma. Ku Germany anaika lamulo mu 2017 loti kuyambira 2029 phosphorus ameneyu azichotsedwa m'matope kapena mu phulusa lake, ndiye amene akukonza pulani pano asangowerengera za mafuta zokha.