Amalume, yankho langa pa za Chagas ndi mtima

Amalume, mwaswera bwanji? Voisi yanu ija ndaimvera kawiri, chifukwa funso mwafunsalo si laling'ono. Mwati munaonera pa TV nkhani ya ku Bolivia, ya anthu amene mitima yawo imafooka patapita zaka 20 kapena 30 chilumidwireni ndi kachilombo kausiku. Ndiye chakuimitsani mutu n'chakuti ana a nyumba imodzi, olumidwa mofanana, wina amakalamba bwinobwino pamene mnzake mtima umam'thera akadali wamphamvu zake. Mwafunsa kuti kodi n'zakumtundu? Ndiyankhira pagulu pompano kuti ena amve nawo. Mundipirire, italikirapo.

Matendawo ndi a Chagas. Dzinalo ndi la dokotala wa ku Brazil, Carlos Chagas, amene anawatulukira mu 1909. Kwawo kwenikweni ndi ku Latin America, m'mayiko 21, ndipo bungwe la WHO limati anthu oposa 7 miliyoni ali nawo. Chimene chimaluma chija ku Bolivia ndi ku Argentina amachitcha vinchuca, ku Brazil amati barbeiro. Chili ngati chinsikidzi chachikulu, masana chimabisala m'ming'alu ya khoma, usiku n'kutuluka kukayamwa magazi, kawirikawiri kumaso. Koma taonani, matenda salowa ndi kulumako ayi. Chikakhuta chimachita chimbudzi pafupi ndi pamene chalumapo. Mwana ali m'tulo wamva kuyabwa, wakanda, wadzitikita m'diso, basi wazilowetsa yekha tizilombo timene tinali m'chimbudzimo. M'mawa mwake kapena patapita masiku, chikope chimodzi chatupa. Tizilomboto dzina lake ndi Trypanosoma cruzi, pachibale ndi timene timayambitsa kaodzera, koma khalidwe lake ndi lina. Iti timakonda kulowa m'kati mwa maselo a minofu, makamaka ya mtima, n'kumaswana momwemo. Timapatsirananso kudzera m'magazi oika munthu, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ngakhale m'chakumwa chimene chagweramo chinsikidzicho.

Miyezi iwiri yoyamba munthu amangomva malungomalungo, ena samva n'komwe. Kenako zii, kwa zaka. Ambiri amakhala nato tizilomboto moyo wawo wonse osadwala mtima. Koma pa anthu 10 alionse, pafupifupi atatu mtima umadzawonongeka. Funso lanu lagona pa atatu amenewa.

Ndikuuzeni chimene chinanditsegula maso ine. Tili m'kalasi anationetsa pa maikulosikopu kachidutswa ka mtima wa munthu amene anamwalira ndi matendawa. Ine ndimayembekeza kuona tizilombo tili mbwee. Ndinayendetsa kagalasi kaja uku ndi uku, osaona n'kamodzi komwe. Chimene chinadzaza ndi asilikali a m'thupi, timadontho tabuluu tothithikana pakati pa minofu, ndi mizere yotuwa ya zipsera pamalo pamene panayenera kukhala mnofu wofiira. Aphunzitsi anati umo ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: tizilombo totsala timakhala tochepa kwambiri, koma nkhondo yolimbana nato siitha, ndipo nkhondoyo ndi imene imagumula nyumba.

Tsono apa ndi pamene majini akulowera. Azakhali, majini ndikunenawa si mizimu ayi, ndi malangizo olembedwa mu DNA, amene tinatengera kwa makolo. Muwaganizire ngati buku lalikulu. Pafupifupi selo lililonse m'thupi mwanu lili ndi buku lomwelo, lathunthu, la pakhungu ndi la mumtima chimodzimodzi. Chimasiyanitsa n'chakuti selo lililonse limatsegula masamba ake, ena n'kuwasiya otseka. Ndipo kutsegula ndi kutsekako sikuchitika kamodzi n'kutha. Selo limamvera zimene zikulizungulira tsiku ndi tsiku, tsamba ili liwerengedwe kwambiri, ili lichepe, ili litsekedwe. Munthu atha kukhala ndi buku labwinobwino, koma likamawerengedwa molakwika kwa zaka 20, thupi limaonongeka.

Mumtima wa Chagas zimayenda motere. Asilikali aja akafika amatulutsa uthenga wotchedwa interferon gamma. Uthengawu ndi wofunika zedi, chifukwa popanda iwo tizilombo tingathe kupha munthu poyambirira pomwe. Koma ukalowa m'maselo a mumtima umatsegula masamba ambirimbiri, ndipo ena mwa masambawo ndi oitana asilikali ena. Awiri odziwika bwino amatchedwa CXCL9 ndi CXCL10. Asilikali atsopanowo akafika nawonso amatulutsa interferon gamma, masamba oitana aja n'kutsegukanso kwambiri. Mwaona mmene chikuzungulira? Woitanidwa akuitana anzake, anzakewo akuitananso ena, pamene mdani watsala wochepa. Anthu amene mtima wawo umapulumuka amaoneka kuti mabuleki awo ndi olimba: amatulutsa uthenga wina woziziritsa, wotchedwa IL-10, wokwanira kuti nkhondo ikhalepo koma isapitirire muyeso.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine n'chimene chimachitikira selo la mnofu wa mtima lenilenilo. Selo limeneli silipuma, limafinya n'kumasuka usana ndi usiku, choncho limadalira kwambiri timainjini take topanga mphamvu, totchedwa mitochondria. Likakhala m'kati mwa uthenga wa nkhondo kwa zaka, limayamba kuwerenga mochepa masamba a mapuloteni opanga ndi kusunga mphamvu. Mtima ukufunika kugwira ntchito yolemera kuposa kale, mafuta ake n'kumachepa. Nthawi yomweyo uthenga wina, TGF-beta, ukuuza maselo omanga kuti apange ulusi wolimba wotseka mabala. Ulusiwo ndiwo zipsera ndinaziona zija. Chipsera sichifinya, komanso sichidutsa magetsi. Paja mtima umagunda ndi timagetsi take, ndiye njira zikadukaduka, kugunda kumasokonekera, mwina kuchedwa kwambiri, mwina kuthamanga mopanda dongosolo, ndipo n'chifukwa chake ena amangogwa mwadzidzidzi. Kunsonga kwa mtima khoma limatha kupyapyala n'kutukumuka ngati kathumba, magazi n'kumaundana mmenemo, chibuma n'kupita ku ubongo, munthu n'kudwala sitiroko.

Nanga masambawo amatsekedwa bwanji? Njira zilipo zingapo, koma ziwiri anazifufuza bwino m'mitima ya odwala Chagas, makamaka akatswiri a ku São Paulo. Yoyamba ndi timazindikiro timene selo limamata pa DNA, amati methylation. Zili ngati kumata tsamba ndi selotepu: mawu ake alipo, sanafufutidwe, koma sawerengeka. Atayerekeza mitima ya odwala ndi mitima yabwino anapeza kuti zomatazo zili pamalo osiyana pa majini ambiri, kuphatikizapo a chitetezo cha m'thupi ndi a kagundidwe ka mtima. Yachiwiri ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa microRNA. Selo likawerenga tsamba limakopera malangizo pakapepala n'kutumiza kumene amapanga mapuloteni, ndiye tizidutswati timagwira kapepalako panjira kuti kasafike. Timene timapezeka kwambiri mumnofu wa mtima, miR-1, miR-133 ndi miR-208, anatipeza titachepa m'mitima ya Chagas. Ndipo miR-133 ntchito yake ina ndi kuletsa mtima kukula mopitirira ndi kupanga zipsera. Mlonda akachepa mphamvu, mukudziwa kale zimene zimalowa.

Ndiye kodi n'zakumtundu? Mbali ina inde. Anthu timabadwa ndi kusiyana pang'ono m'kalembedwe ka bukulo, ndipo kusiyana kwina kumagwera pa malo amene amalamula kuti tsamba litseguke msanga kapena mochedwa. Wina asilikali ake sachedwa kupsa mtima, wina ndi odekha. Ana a mimba imodzi sagawana zofanana ndendende. Koma mtundu wokha sudwalitsa Chagas, amalume. Popanda tizilombo palibe matenda. Komanso tizilomboto tili ndi mitundu yake yosiyana malinga ndi dera, ndipo zomata ndi alonda aja zimasintha m'moyo wa munthu, malinga ndi utali wa nkhondo imene mtima wakhalamo. Ine ndimakana munthu akamati uyu anabadwa kale ndi tsoka lake. Anabadwa ndi buku, koma chimene chinasintha kawerengedwe kake ndi tizilombo timene tinasiyidwa m'thupi zaka zonsezo osapatsidwa mankhwala.

Ndipo apa ndi pamene pamandiwawa. Mankhwala alipo awiri, benznidazole ndi nifurtimox. Akaperekedwa munthu atangotenga kumene, makamaka mwana, amachiza pafupifupi aliyense. Koma panachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa BENEFIT, zotsatira zake zinatuluka mu 2015, wa anthu oposa 2,800 amene mtima unali utayamba kale kuonongeka. Amene anamwa benznidazole tizilombo tinachepa m'magazi mwawo, koma patapita zaka pafupifupi 5 mitima yawo inali ikufookabe mofanana ndi ya anzawo amene sanamwe mankhwalawo. Mdani mwamuchepetsa, koma masamba aja anatseguka kalekale ndipo zipsera sizibwerera. N'chifukwa chake ofufuza akulimbikira kuwerenga zizindikiro monga zomata ndi alonda aja m'magazi, kuti adziwe msanga kuti mwa anthu 10 aja atatuwo ndi ati, mtima usanayambe kutupa. Ambiri mwa anthu ali ndi tizilomboti sadziwa n'komwe kuti ali nato, ndipo ambiri ndi anthu osauka, amene sanayezedwepo.

Munafunsanso kumapeto kuti munthu amene anakhalako kumeneko angadziwe bwanji. Ndi kuyezetsa magazi, amayang'ana ngati thupi linakumanapo ndi tizilomboto, ndipo akapezeka nato amamujambula kagundidwe ka mtima ndi ECG nthawi ndi nthawi ngakhale akumva bwino. Mayi amene ali nato, ana ake onse ayezedwe. Chithunzi cha mnofu wa mtima uja ndili nacho mufoni, ndikutumizirani pompano kuti muone nokha timadontho tabuluu ndi zipsera ndimanena zija.