Kuphunzitsa khalidwe la atengambali a Chaucer

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, ndipo teremu ino ndikuwerenga ndi ophunzira anga chiyambi cha The Canterbury Tales. Ndikawafunsa za khalidwe la mtengambali, amangoloweza kuti uyu ndi wabwino, uyo ndi woipa, osatchula chimene chawaonetsa zimenezo. Ndiwathandize bwanji? Mphunzitsi, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo akusokonezeka chifukwa Geoffrey Chaucer, mlembi wa bukuli, amene anamwalira mu 1400, kawirikawiri satchula poyera kuti munthu ndi woipa. Wofotokoza nkhani amayamikira pafupifupi aliyense mwa apaulendo 29 amene anakumana nawo pa nyumba ya alendo ya Tabard ku Southwark, akupita ku Canterbury kukapemphera pamanda a Thomas Becket, bishopu wamkulu amene anaphedwa mu 1170. Chidzudzulo amachibisa mu zovala, zakudya ndi nkhope, ndipo wophunzira amene amangomva mawu oyamikirawo amaphonya zonse.

Choncho musanafike kwa mtengambali aliyense, afunseni kaye ntchito imene munthu wa udindo umenewo ankayenera kugwira. Masiku amenewo anthu ankagawidwa patatu: opemphera, omenya nkhondo, ndi ogwira ntchito zamanja. Akadziwa udindowo, ndi pamene muwatume kukafufuza zimene munthuyo amakonda.

Yambani ndi mkulu wa masisitere, chifukwa iye ndiye amapusitsa owerenga ambiri. Timauzidwa kuti ndi wachifundo kwambiri, moti amalira akaona mbewa itagwidwa mumsampha, komanso kuti amadya mwaulemu osadontheza msuzi pachifuwa. Koma tiagalu take amatidyetsa nyama yootcha, mkaka ndi buledi woyera, pamene za anthu osauka sitimva kalikonse. Pamkono pake pali mikanda yopempherera yokhala ndi chokongoletsa chagolide cholembedwa mawu Achilatini otanthauza kuti chikondi chimagonjetsa zonse. Afunseni ophunzira kuti chikondi chimenechi ndi cha Mulungu kapena cha dziko, ndipo musafulumire kuwayankhira, pakuti mlembiyo sanayankhe dala. Mtsutso wa theka la ola pa mawu amenewa uli ndi phindu kuposa tsamba lonse la manotsi.

Mmonke ndi wosavuta: amakonda kusaka akalulu ndi agalu aliwiro, ndipo malamulo akale a gulu lake la amonke amawaona ngati otha ntchito. Muikeni pafupi ndi wansembe wosauka wa kumudzi, amene amayenda pansi ndi ndodo kukayendera akhristu ake ngakhale kukugwa mvula, ndipo ophunzira adzaona okha kusiyana kwake.

Kumbukiraninso kuti owerenga a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti thupi limaulula mtima. Mpata umene mayi wa ku Bath ali nawo m'mano, mayi amene anakwatiwa kasanu pakhomo la tchalitchi ndipo anafika ku Yerusalemu katatu, unkamveka ngati chizindikiro cha kukonda kuyenda ndi chilakolako. Njerewere ya pamphuno ya mwini chigayo, yomera tsitsi lofiira, ikuyendera limodzi ndi kuba kwake tirigu wa anthu. Auzeni ana kuti ichi chinali chikhulupiriro cha nthawi imeneyo chabe, kuopa kuti angayambe kusekana mano m'kalasi.

Za chiyankhulo musade nkhawa kwambiri. Werengani mokweza mizere iwiri kapena itatu m'Chingerezi chakalecho kuti amve kamvekedwe kake, ndipo zotsalazo mugwiritse ntchito buku lomasuliridwa m'Chingerezi cha lero.

Pomaliza phunzirolo, wophunzira aliyense alembe mizere khumi yofotokoza munthu wongopeka amene angakhale naye m'basi ya ulendo wautali, koma muwaletse mawu oti wabwino, woipa, wadyera kapena waulesi. Aloledwe kutchula nsapato zake, chimene akudya, ndi mmene akuyankhulira ndi kondakitala, ndipo anzake atchule khalidwe la munthuyo akamva zimene zawerengedwa.