Mwana wovuta m'kalasi: chikoti kapena chiyani?

Mayi wina amene amaphunzitsa giredi 6 pa sukulu ya boma ku Kanyama, mu Lusaka ku Zambia, wandilembera imelo. Akuti ali ndi mnyamata amene amafika mochedwa, amagona pa desiki, ndipo akadzuka amayamba kuputa anzake. Funso lawo ndi lakuti: poti Miyambo 13:24 imalimbikitsa kulanga mwana ndi ndodo, koma boma linaletsa chikoti, mphunzitsi wachikhristu amvere chiti?

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi chikoticho: musamukwapule. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa mphunzitsi kumenya wophunzira, ndipo lamulo loteteza ana la 2022 linatsindikanso zomwezo. Aroma 13 amatiuza kumvera olamulira, ndipo pano sakutikakamiza kuchimwa. Vesi la Miyambolo likulankhula kwa kholo, ndipo mtima wake ndi wakuti wokonda mwana samulekerera. Kusalekerera kumeneku kukukhudzani inunso, koma kuli ndi njira zina.

Chimene chikundivuta kwambiri mu kalata yanu ndi tulo take. Mwana wa msinkhu umenewo sagona m'mawa popanda chifukwa. M'makomboni athu muli ana amene amadzuka usiku kukatunga madzi, ena amaperekeza amayi awo ku msika wa Soweto kukaoda ndiwo, ena amagona mochedwa chifukwa cha phokoso la bala yoyandikana nayo kapena ndewu ya makolo. Ambiri amalowa m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Palinso wina amene anafika giredi 6 osadziwa bwino kuwerenga, ndiye amasankha kutchedwa wamwano kusiyana ndi kusekedwa kuti ndi mbuli. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi anadzaza kwambiri, moti mwana wotere amatha kudutsa magiredi angapo osaonedwa ndi aliyense. Sindikunena kuti alibe mlandu. Kuputa anzake ndi kulakwa, ndipo anzakewo ayenera kutetezedwa. Koma chilango chosadziwa gwero la vuto chimangowonjezera mkwiyo.

Pa Mateyu 18:15 Ambuye amati m'bale akalakwa, pita ukamudzudzule muli awiri. Ife aphunzitsi timakonda kuchita mosiyana: timamuimiritsa kutsogolo, timamutcha mayina, kalasi yonse n'kuseka. Ine ndimaona kuti manyazi otere amapweteka nthawi yaitali kuposa chikoti. Paulo anachenjeza atate pa Akolose 3:21 kuti asapute ana awo, kuopa kuti angataye mtima, ndipo mwana wotaya mtima sasamalanso za chilango chilichonse.

Choncho muitaneni pa nthawi yopuma, pamalo poonekera koma anzake asakumva. Mufunseni kuti anagona nthawi yanji, wadya chiyani, amakhala ndi yani. Mumupatse ndime yaifupi awerenge. Kenako mumuuze momveka kuti kuputa anzake kutha lero, ndipo akabwereza adzapepesa kwa amene wamulakwira, n'kukhala pafupi ndi tebulo lanu sabata yonse. Mukanena, chitani, osasinthasintha. Mumupatsenso kaudindo, monga kugawa mabuku.

Mukaitana makolo, samalani. Ena akangomva dandaulo amakamukwapula kunyumba koposa, choncho yambani ndi chabwino chimene mwaona mwa mwana wawo. Mukapeza zizindikiro za nkhanza, musasunge nokha: dziwitsani ahedi ndi aphunzitsi a uphungu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo muzimupempherera pomutchula dzina musanalowe m'kalasi. Mundilembenso pakatha mwezi, makamaka za kuwerenga kwake.