Malipiro oyamba, katapila ndi masheya: mwana ayambire pati?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Mwana wawo wamkazi wamaliza digiri, wapeza ntchito ku Lilongwe, ndipo zonse zikadulidwa akumalandira K420,000 pamwezi. Anaphunzira ndi ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, komanso posamukira mumzinda anakongola K100,000 kwa wakatapila amene amafuna K50,000 yapamwamba mwezi uliwonse. Anzake a kuntchito akumuuza kuti agule masheya (magawo a umwini wa kampani), pomwe kumudzi azing'ono ake awiri akudikira fizi. Mayiwo akufunsa kuti mwana wawo ayambire pati.

Mayi, ayambire pa katapila, ndipo asachite china chilichonse chachikulu ngongole imeneyi isanathe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Akamangopereka K50,000 yapamwamba ija mwezi ndi mwezi osakhudza ndalama imene anakongola, pakutha pa miyezi 6 adzakhala atapereka K300,000, koma K100,000 ija idzakhala ikadalipo yonse. Palibe banki, palibe kampani ya pamsika wa masheya, palibe bizinesi yachilungamo imene ingalonjeze munthu phindu la 50 pa 100 mwezi uliwonse. Choncho kwacha iliyonse imene angaike kwina katapila akadali pakhosi ikupita kumalo olakwika. Ngati n'kotheka, abweze K150,000 yonse pa malipiro amodzi, ngakhale zitatanthauza kudya bonya ndi masamba mwezi wathunthu. Ngati wakatapilayo anamulanda khadi la kubanki kapena chiphaso cha unzika ngati chikole, monga ambiri amachitira, achitenge tsiku lomwelo n'kusintha nambala yachinsinsi ya khadilo.

Ngongole ya sukulu ndi nkhani ina. Bungwe limene linamukongozalo linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015, ndipo ndalama zimene omaliza maphunziro amabweza ndi zimene zimathandiza kuti ana ena osowa nawonso akongole. Ine ndimamva chisoni ndikaona achinyamata amene akulandira bwino akunena kuti ndalama ya boma sabweza, pamene azing'ono awo enieni adzafuna thumba lomwelo mawa. Mwana wanu apite kapena alembere bungweli, afunse kuchuluka kwa ngongole yake, agwirizane nalo za ndalama yobweza pamwezi, ndipo asunge malisiti onse. Ngongole iyi siluma ngati katapila, motero palibe chifukwa choithamangira yonse nthawi imodzi, koma kuibisala kumangoikulitsa, ndiponso mbiri yosabweza ngongole ikhoza kudzamutsekera khomo tsiku limene adzafune kukongola kubanki kuti agule malo.

Tsopano ndilankhule nawe mwanawe, popeza ndikhulupirira mayi ako akuwerengera yankho ili. Tenga kope la masamba ochepa, ulembe ndalama iliyonse imene yatuluka m'manja mwako kwa mwezi umodzi: lendi, minibasi, mayunitsi a magetsi, madzi, makala, ufa, ndiwo, bandulo ya intaneti, chopereka cha kutchalitchi, ngakhale chipisi cha masana. Uthenga umene Airtel Money kapena Mpamba amatumiza ukalipira usaufufute, chifukwa ndiwo udzakukumbutsa zimene waiwala, kuphatikizapo tindalama todulidwa potumiza ndi potapa timene anthu ambiri satiwerengera. Mwezi ukatha udzaona wekha pamene pakudontha. Kawirikawiri si pa ufa kapena pa lendi ayi, koma pa zinthu zazing'ono zobwerezabwereza ndi pa zovala za pangongole zimene amayendetsa m'maofesi. Bajeti yeniyeni imayambira pa kope limeneli, osati pa zimene ukuganiza kuti umagwiritsa ntchito.

Uyang'anenso bwino pepala la malipiro ako. Kupatula msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA, lamulo la penshoni limafuna kuti wogwira ntchito azisonkha 5 pa 100 ya malipiro ake ndipo bwana aziwonjezerapo 10 pa 100. Funsa dzina la kampani imene ikusunga penshoni yakoyo, ndipo uzipempha sitetimenti kamodzi pachaka, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula ndalamayi koma osakaipereka.

Katapila akatha, K50,000 imene inkapita kwa iye ija isasowe m'manja. Iziyamba kupatulidwa tsiku lolandira malipiro lomwelo, usanagule kanthu, mpaka ikwane ndalama yoti ungakhalire miyezi itatu ntchito itatha mwadzidzidzi. Imeneyi ndi ya matenda, maliro ndi kusamuka, ndipo ndiyo idzakuteteza kuti usabwererenso kwa wakatapila. Uisunge poti ungaitenge msanga koma posakhala pafupi kwambiri ndi chala: akaunti yapadera ya kubanki kapena SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kukongozana ndalama) yolembetsedwa mwalamulo. Banki mkhonde ndi chipereganyu zimathandiza kuphunzira mwambo wosunga, koma zimadalira kukhulupirika kwa anthu, ndiye ulowe gulu la anthu owadziwa, lokhala ndi malamulo olembedwa, ndipo usaikemo zonse.

Anzako akunena za masheya sakulakwitsa kwenikweni, angofulumira. Ndalama yongokhala imatha mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera moti aliyense amene anasunga ndalama m'sutikesi anapeza kuti ikugula zochepa. N'chifukwa chake munthu akakhala ndi ndalama imene saifuna posachedwa ayenera kuiika poti ibereke. Pamsika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre pamagulitsidwa masheya a makampani ngati Illovo, National Bank, TNM ndi Airtel, ndipo amagulidwa kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya. Mtengo wa masheya umakwera komanso umatsika, ndiye si malo oika fizi ya teremu ikubwerayi. Palinso kukongoza boma kudzera m'mapepala a Treasury bills a masiku 91, 182 kapena 364, amene chiwongoladzanja chake umachidziwiratu. Koma aliyense wokuuza kuti ubweretse K50,000 lero udzatenge K100,000 sabata yamawa, makamaka akamati ukokenso anzako, umufunse chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, ndipo akayamba kuzungulira uchokepo.

Mayi, ndibwerere kwa inu pa nkhani ya fizi, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amagwera m'ngongole mwakachetechete. Mwana amachita manyazi kunena kuti alibe, ndiye foni ikalira kuchokera kumudzi amathamangira kukakongola kuti asaoneke wosayamika. K420,000 imamveka yambiri ku Dedza, koma ku Lilongwe lendi ndi minibasi zikatengapo gawo lake yotsala ndi yochepa. Khalani naye pansi, akuonetseni kope lake lija, mugwirizane ndalama imodzi yodziwika imene azitumiza mwezi uliwonse, ndipo achibale ena adziwe kuti zopempha zonse zizidzera kwa inu. Mumupatse miyezi iwiri kapena itatu yoti athane ndi katapila asanayambe kutumiza, ndipo pa teremu ino mukakambirane ndi aphunzitsi aakulu kuti fizi ya azing'ono akewo ilipiridwe pang'onopang'ono.