Mafunso a Owerenga: Makaroni a Nyama ya Ng'ombe mu Msuzi wa Kirimu Pakati pa Sabata

*Zikomo Mayi. Ine ndimafika kunyumba dzuwa litalowa kale, ana ali ndi njala, ndipo thupi langa latopa. Ndinadyapo makaroni a nyama ya ng'ombe okhala ndi msuzi wa kirimu kwa mnzanga ndipo ndinawakonda, koma nditayesa kuphika ndekha zinanditengera ola lathunthu, nyama inatuluka yotuwa, msuzi unali wamadzimadzi. Kodi n'zotheka kuphika chakudya chimenechi m'mphindi 30, chikhalebe chokoma? — Mayi wa ana atatu*

Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo ndikukhulupirira kuti ola lanulo likuthera pa kudikira chinthu chimodzi chipse musanayambe china. Chimene chimachedwa kwambiri pa chakudya chimenechi ndi madzi owiritsira makaroni, choncho mukangolowa m'nyumba terekani poto wamkulu wokhala ndi malita atatu a madzi, muthiremo mchere supuni yaikulu imodzi yodzaza, muvundikire, ndipo ntchito ina yonse muigwire pamene madziwo akutentha. Kwa banja la anthu asanu mufunika magalamu 400 a makaroni, magalamu 500 a nyama yogaya, anyezi mmodzi wamkulu, adyo timagawo titatu, masupuni awiri a tomato wokhuthala wa m'chitini, kirimu wokwana mamililita 200, tchizi wopala wodzaza dzanja limodzi, ndi tsabola wakuda. Sankhani makaroni afupiafupi okhala ndi mphako kapena opotana, monga penne, rigatoni kapena fusilli, chifukwa tizidutswa ta nyama timalowa m'mphakomo, pamene supageti amasiya nyama yonse pansi pa mbale.

Nkhani ya nyama yotuwa ndiikhalira pang'ono, chifukwa kukoma kwa chakudya chonse kwagona pamenepa. Nyama imafiira ndi kununkhira pamene mapuloteni ndi shuga wochepa amene ali m'nyamamo akumana pa moto waukulu, zimene katswiri wa sayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza m'chaka cha 1912. Zimenezi zimachitika msanga kutentha kukafika madigiri pafupifupi 140, koma madzi amawira pa madigiri 100 ndipo sapitirira pamenepo. Ndiye kuti nthawi yonse imene m'chiwaya muli madzi, nyama yanu ikuwira, ndipo nyama yowira imatuwa. Nyama yogaya imatulutsa madzi ambiri mukaithira m'chiwaya chosatentha bwino, mukaiunjika m'chiwaya chaching'ono, kapena mukamaitakasa mosalekeza. Tenthetsani chiwaya chachikulu kaye, thirani mafuta supuni imodzi, yalani nyama ponseponse, kenaka muisiye osaikhudza kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Ndikudziwa kuti dzanja limafuna kutakasa, makamaka munthu ali pachangu, koma lezani mtima mpaka pansi pake pafiire, ndiyeno muitembenuze ndi kuiphwanya. Ngati chiwaya chanu n'chaching'ono, kazingani nyamayo kawiri, theka loyamba kenaka theka lachiwiri, ndipo mudzaona kuti zimenezi zimafulumira kuposa kudikira madzi a nyama yonse aphwe.

Nyama ikafiira, thirani anyezi woduladula mukazinge mphindi zitatu, muike adyo kwa theka la mphindi chabe popeza sachedwa kupserera ndi kuwawa, kenaka tomato wokhuthala uja mumukazinge mpaka mtundu wake uderepo. Nthawi imeneyi madzi amakhala atawira ndipo makaroni ali kale m'poto. Tungani kapu imodzi ya madzi a makaroniwo muthire m'chiwaya, mupale ndi mthiko zofiira zonse zimene zamatirira pansi kuti zisungunukire mu msuzi. Chepetsani moto, thirani kirimu, ndipo msuzi uzingowira pang'onopang'ono.

Tsopano za msuzi wamadzimadzi. Makaroni amapangidwa ndi ufa wa tirigu wolimba wotchedwa durum, ndipo akamawira amatulutsa sitachi amene amachititsa madzi kuoneka otuwira ngati mkaka wosungunula. Sitachi ameneyu ndiye amamanga madzi ndi mafuta kuti zikhale chinthu chimodzi chosalala chimene chimakakamira pa makaroni. Choncho musanakhuthule madzi, sungani kapu ina pambali. Tsanulani makaroni patatsala mphindi ziwiri kuti nthawi yolembedwa pa paketi ikwane, muwathire m'chiwaya cha msuzi, ndipo amalizikire mmenemo mukutakasa. M'mphindi ziwirizo amamwa msuzi ndi kuukhuthalitsa. Ukauma kwambiri onjezerani madzi munasunga aja pang'onopang'ono. Phulani chiwaya, kenaka muthire tchizi ndi tsabola wakuda, mulawe mchere. Msuzi uoneke wopepukirapo kuposa mmene mukuufunira, chifukwa umapitiriza kukhuthala pamene mukupakula. Ngati mukufuna masamba, sipinachi wodzaza manja awiri amafota m'mphindi imodzi mukamuthira pamodzi ndi makaroni.

*Mayi, kirimu sindimupeza nthawi zonse, ndiye ndimathira mkaka wamba. Koma mkakawo ukangokumana ndi tomato umachita timibulu toyera, madzi n'kukhala paokha. Kodi ndimalakwitsa pati? — Wowerenga wanu wa nthawi zonse*

Simulakwitsa zambiri, koma mukupempha mkaka kuti ugwire ntchito imene sungathe wokha. Mkaka uli ndi puloteni yotchedwa casein imene imaundana ikakumana ndi zowawasa, ndipo moto waukulu umafulumizitsa kuundanako. Tomato ndi wowawasa. Kirimu wokhuthala amapirira chifukwa ali ndi mafuta ochuluka, pafupifupi magawo 35 pa 100 alionse kapena kuposa, pamene mkaka wamba uli ndi magawo pafupifupi atatu ndi theka okha, ndipo mafutawo ndi amene amatchinga mapuloteni kuti asagwirane.

Njira yodalirika ndiyo kuuteteza mkaka ndi ufa. Sungunulani batala masupuni awiri m'kapoto, thirani ufa wa tirigu masupuni awiri, takasani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti fungo la ufa wosapsa lichoke, kenaka thirani theka la lita ya mkaka pang'onopang'ono mukutakasa mpaka ukhuthale. Umenewu ndiwo msuzi woyera umene ophika a ku France amautcha béchamel, ndipo ukapsa mungathe kuusakaniza ndi nyama ya tomato popanda mantha. Ngati simukufuna kudetsa poto wina, wazani ufawo pa nyama ndi anyezi m'chiwaya momwemo, mukazinge pang'ono, ndiyeno muthire mkaka. Mkaka wa m'chitini wopanda shuga, umene amauchotsa madzi pafupifupi magawo 60 pa 100, nawonso umapirira moto bwino ndipo umasungika nthawi yaitali usanatsegulidwe, koma werengani chitini mosamala kuti musatenge wotsekemera. Yogati wopanda shuga kapena kirimu wosasa, ngati amene amathira mu nyama ya Stroganoff ya ku Russia, amafuna kuti muphule kaye chiwaya musanamuthire, ndipo asawirenso.

Ndionjezerepo kuti msuzi wosalala sudalira kirimu nthawi zonse. Alfredo di Lelio, amene ankagulitsa chakudya mumzinda wa Rome kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anatchuka ndi makaroni otchedwa fettuccine osakaniza ndi batala ndi tchizi wa Parmesan basi, ndipo kirimu anadzalowamo pambuyo pake chakudyacho chitafalikira ku America. Tsiku limene mulibe kirimu kapena mkaka, batala pang'ono, tchizi ndi madzi a makaroni zikupatsani msuzi wosalala, wopepukanso m'mimba.

*Mayi, ine ndi akazi anga timatsutsana. Iwo amathira mafuta m'madzi owiritsira makaroni ndipo akapsa amawatsuka ndi madzi ozizira kuti asamatane. Ine ndimati zimenezi zimachotsa kukoma. Akunena zoona ndani? — Bambo wokonda kuphika*

Bambo, pa chakudya ichi inu ndi amene mwalondola, ngakhale nkhawa ya mayi akunyumba ndi yomveka. Mafuta amayandama pamwamba pa madzi ndipo saletsa kumatana, koma potsanula amakuta makaroni n'kuchititsa msuzi kuterereka. Kutsuka kumachotsa sitachi amene timamufuna uja, ndiponso kumaziziritsa chakudya. Chimene chimaletsa kumatana ndi kuthira makaroni m'madzi owira kwambiri, kuwatakasa m'mphindi ziwiri zoyambirira, ndi kuwalowetsa mu msuzi akangotsanulidwa. Njira ya mayi akunyumba ndi yoyenera pokonza saladi ya makaroni yodya yozizira.

*Mayi, ana anga sakonda nyama yogaya. Ndinayesa nyama ya nthuli koma inalimba ngati chikopa. Kodi ndigule nyama yotani? — Mayi wogwira ntchito usiku*

Mayi, nyama ya ng'ombe imakhala yofewa ikapsa m'mphindi zochepa kwambiri kapena ikaphikidwa maola angapo, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene imalimba. Mbali za ng'ombe zimene sizigwira ntchito yolemetsa, monga za pamsana zimene ogulitsa amazitcha fillet ndi sirloin, ndizo zoyenera kuphika mwachangu. Iduleni mopyapyala, mopingasa ndi mitsempha ya nyamayo, muipukute iume, muikazinge pa moto waukulu kwa mphindi imodzi mbali iliyonse, kenaka muichotse m'chiwaya. Konzani msuzi wonse nyamayo ili pambali, ndipo muibwezeremo pomaliza pamodzi ndi madzi amene yatulutsa m'mbale. Bowa wokazinga amagwirizana nayo bwino kwambiri.

Nyama ya kumiyendo, ya pakhosi ndi ya pachifuwa ili ndi mitsempha yolimba imene imasungunuka pokhapokha itawira pa moto wochepa kwa maola awiri kapena atatu. Nyama yotere ndi yokoma kuposa ya pamsana, koma si ya tsiku la ntchito. Iphikeni tsiku lopuma ndi anyezi ndi tomato, muigawe m'zigawo, muiumitse mufiriji, ndipo pakati pa sabata mudzangoitenthetsa, kuthira kirimu ndi kuwiritsa makaroni.

*Mayi, ndimakhala ndekha ndipo ndimafuna kuphika kamodzi zokwanira masiku angapo. Koma zotsala zimauma, ndipo ndikatenthetsa mafuta amayandama. Kodi chakudyachi chingasungike masiku angati? — Mwana wanu wa ku koleji*

Mwanawe, ndiyambe ndi za umoyo, chifukwa pano pakumana nyama yogaya, mkaka ndi chakudya cha ufa, ndipo zonse zitatu zimafuna chisamaliro. Pogaya nyama, tizilombo timene tinali pamwamba pake, monga E. coli, timalowa mkati monse, n'chifukwa chake nyama yogaya iyenera kupsa mpaka mkati, kufika madigiri 71, popanda pena pofiira ngati magazi. Chakudya chikapsa chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo m'nyengo yotentha kwambiri ola limodzi lokha. Makaroni, mofanana ndi mpunga, amatha kukhala ndi tizilombo totchedwa Bacillus cereus timene sitifa ndi kuphika, ndipo chakudya chikakhalitsa chofunda timachulukana n'kutulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Gawa chakudya chako m'timabokosi tosazama kuti chizizire msanga, uike mufiriji yozizira madigiri 5 kapena kutsika, ndipo udye m'masiku atatu kapena anayi. Ngati kumene ukukhala kulibe firiji, phika zokwanira tsiku limenelo lokha, ndipo pamenepa mkaka wa m'chitini ndi umene ungakuthandize.

Kuuma kumabwera chifukwa makaroni amapitiriza kumwa msuzi usiku wonse. Ine ndimalangiza kuti zokonzeratu zikhale nyama yokha yokazinga ndi anyezi, adyo ndi tomato, yopanda kirimu. Nyama imeneyi imasungika bwino, ndipo ikaumitsidwa mufiriji ngati ayezi imakhala miyezi iwiri kapena itatu kukoma kwake kusanasinthe, pamene msuzi wa kirimu ukaumitsidwa umalekana posungunuka. Madzulo alionse wiritsa magalamu 80 kapena 100 a makaroni, ndiwo muyeso wa munthu mmodzi, tenthetsa gawo limodzi la nyama m'chiwaya, thira masupuni atatu a kirimu ndi madzi a makaroni pang'ono, ndipo udzakhala utadya mphindi 15 zisanathe.

Zimene zatsala zitasakanizidwa kale uzitenthetse m'chiwaya pa moto wochepa, uthiremo masupuni awiri kapena atatu a mkaka kapena madzi, uvundikire, uzitakasa kawirikawiri mpaka zitenthe kwambiri mpaka pakati, nthunzi ikutuluka. Moto waukulu ndi umene umatulutsa mafuta mu msuzi. Mu mayikulowevu chita chimodzimodzi: thira mkaka pang'ono, vundikira, tenthetsa mphindi imodzi, takasa, kenaka utenthetsenso. Tapa chimene udye nthawi imeneyo, chotsalacho chikhalebe mufiriji, chifukwa chakudya chimenechi sichiyenera kutenthetsedwa kawiri.