"Tikupeza bwino kuno": yankho lomwe linaitana mapempho

Funso: Ndinabadwira ku Rugare muno mu Harare, komwe agogo anga ochokera ku Dedza anadzagwira ntchito ya njanji nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nditadwala chimfine, azakhali anandiimbira foni kuchokera kumudzi n'kufunsa kuti, "Mukupeza bwanji?" Ndinayankha kuti, "Tikupeza bwino kuno." Sabata isanathe, abale anayamba kupempha ndalama za fizi ndi za feteleza. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Pepani achimwene, koma ndaseka pang'ono. "Kupeza bwino" kuli pawiri. Wodwala akati "ndikupezako bwino" ndiye kuti akuchira. Koma tikati "banja lopeza bwino" tikunena za m'thumba: nyumba ya malata, ana osabwezedwa kusukulu, ndiwo zosinthasintha. Inu munati "ti-" m'malo mwa "ndi-", munasiya ka "-ko", kenaka n'kuwonjezera "kuno". Azakhali anamva kuti banja lonse ku Harare zikuliyendera. Ndipo musaiwale kuti kumudzi dzina la Halale likadali ndi fungo la ndalama, lochokera m'zaka za 1953 mpaka 1963, pomwe anthu ankabwerako ndi njinga ndi masuti. Zoti mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inkatha mphamvu munthu ali pamzere wa buledi, kapena zoti mu 2024 kunabweranso ina yatsopano ya ZiG, si onse amazilabadira.

Tsono mukanati "ndikupezako bwino, zikomo azakhali" nkhani ikanathera pa chimfine. Akafunsidwa za moyo wa kuno, amayi ogulitsa tomato pa Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, amangoti "tilipo" kapena "tikuyesera", mawu osadandaula komanso osadzitama.

Dzina la kwanu lomwelo lili ndi phunziro. Rugare m'Chishona ndi moyo wa mtendere ndi wosasowa, ndipo limachokera ku "kugara", komwe ife timati kukhala. Ifenso tikati "uje ali pa mtendere" sitikunena za nkhondo ayi, tikunena kuti sagona ndi njala ndipo angongole samugogodera pakhomo. Chimwemwe n'china: chimakhala mumtima, n'chifukwa chake mwana wobadwa chaka cha njala amatchedwabe Chimwemwe. Chisangalalo chimaonekera kunja, monga pa ukwati kapena pa Khirisimasi.

Chenjeraninso ndi "kufara" kwa Chishona, komwe ndi kusangalala. Mukauza azakhali kuti "tikufala kuno", adzamva kuti mukuchulukana, mwina n'kufunsa kuti mwana wabadwa liti.